Mizere Yakuda

Mlandu weniweni usanayambe
kunali kaye kamlandu kena, kolimbirana mapepala.
Loya wanga, Mayi Sandhu, anandiuza tili pa benchi
m'khonde la khoti ku Wolverhampton, ambulera ikudontha:
"Kuno sabisirana.
Aliyense amayala poyera zimene ali nazo,
zomukomera ndi zomupweteka zomwe."

Ife tinapempha kaundula wa madandaulo a alendi,
maimelo a zaka zitatu,
ndi lipoti la bambo uja anabwera ndi kamakina koyezera chinyezi,
nagogoda khoma la chipinda cha Zaithwa,
napukusa mutu, n'kutuluka osatsanzika.

Eni nyumba anatumiza masamba mazana anayi.
Ndinkawerenga usiku ndikaweruka kosamalira okalamba,
nsapato zidakali kuphazi.
"Ponena za nyumba nambala 16,"
kenako mzere wakuda.
"Tikuganiza kuti,"
mzere wakuda, wina, winanso,
mpaka tsamba lonse kufanana ndi khoma lija,
nkhungu kuchokera kudenga kutsikira pabedi la mwana.
Lipotilo, ati, linasowa posintha makompyuta.

Chipinda cha woweruza chinali chaching'ono,
chopanda mkanjo, chopanda chisoti cha ubweya.
Iye anali ndi chimfine.
Loya wa uko, Bambo Threlfall, anakonza tayi, nati
tikusaka nsabwe m'mutu wometa,
kufukula zonsezo kudya ndalama zoposa mlanduwo,
ndipo maimelo akalekale alibe ntchito lero.
Ine mumtima: tsabola wakale sawawa kwa inu,
koma mphumu ya mwana wanga ndi ya usiku wathawu.

Woweruza anamina, nafunsa motsitsa mawu:
"Kompyuta yakaleyo munaitaya kuti?"
Bambo Threlfall anatembenuza tsamba
limene anali atatembenuza kale.
Ndiye cholembera chinayenda:
masiku khumi ndi anayi.
Munthu mmodzi alumbire polemba
kuti anafufuza pati, liti, m'kabati iti.
Mizere yakuda ichoke,
itsale pokhapo pamene loya ankalangiza womulemba ntchito.

Ndinayamba kumanga mpango kuti ndinyamuke.

"Nafenso tili ndi pempho," anatero Bambo Threlfall.
"Mauthenga a pafoni ya mayiwa
okhudza nyumbayi, kuyambira tsiku limene analowa."
Woweruza anagwedeza mutu chimodzimodzi
monga anagwedezera ife.

M'basi yopita ku Whitmore Reans ndinaupeza.
Disembala, cha m'ma thuu koloko usiku,
kwa mng'ono wanga ku Mchinji:
"Zovala ndayanika m'kati, mawindo ndatseka,
hita sindikuyatsa, gasi wakwera mtengo.
Usamuuze aliyense kuti kuno tikugona ndi majekete."

Chala changa chinaima pamwamba pake
kuyambira pa mphambano mpaka pa siteji yathu.
Kufufuta n'kwapafupi:
kungodina, n'kuvomera.
Nanenso ndikanakhala ndi mzere wanga wakuda,
wosaoneka n'komwe.
Koma Mayi Sandhu anali atanena potsika masitepe,
"Musakhudze ngakhale kadontho,"
ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali
ngati munthu woti anauwerenga kale.

Ndinautumiza Lachinayi, pamodzi ndi ena makumi asanu ndi awiri,
a zithunzi za khoma, a kuchipatala,
a kupempha kuti abwere adzakonze,
ndi uja wondivula pagulu.
Adzauwerenga mokweza, ndikudziwa.
Adzati nkhunguyo ndinaiweta ndekha.

Lawo linafika tsiku la khumi ndi chitatu,
masamba asanu ndi limodzi, linapezeka m'bokosi losungira zakale.
Deti lake ndi la miyezi isanu ndi inayi
ine ndisanayanike malaya oyamba.

Tsiku la mlandu sanatiuze.
Mapepala awo ndi anga agona m'fayilo imodzi,
omangidwa ndi kachingwe.
Kuseri kwa khoma Zaithwa akupuma ngati kaphala kong'aluka,
ndipo yunifolomu yanga ya mawa sinaume.